Mpezeni Woyamba ndi Dziko la Kutsidya kwa Luangwa

Kwa anthu ambiri okhala m'mizinda ya m'mbali mwa njanji, Cigawo ca Kum'mawa ndiko kumalekezero a dziko la Zambia. Amacidziwa cifukwa ca nshawa, thonje ndi fodya, ndiponso cifukwa ca ulendo wautali wa makilomita oposa 550 kucokera ku Lusaka kukafika ku Chipata. Komatu m'zaka za m'ma 1890, pamene mizinda ya Lusaka ndi Kitwe inali isanamangidwe, dziko la kutsidya kwa Luangwa ndilo linali kusowetsa tulo akazembe a Apwitikizi ndi a Angerezi, pamodzi ndi eni makampani a migodi. Onsewo maso ao anali pa nkhalamba imodzi ya m'mudzi wa Luangeni, ndiyo Mpezeni woyamba, Nkhosi ya Makhosi ya Angoni.

Mfumu imeneyi inayenda theka la moyo wake kufunafuna pokhala, ndipo pa maiko onse amene inapondamo inasankha dziko ili. Munthu akatsata mapazi ake amaona cimene cinakometsa dzikolo, ndiponso amaona m'mene linasandulikira malo a kuseri m'zaka zowerengeka zokha.

Mwana wa paulendo

Mpezeni anabadwa ca m'ma 1830, ndipo dzina lake la paubwana linali Ntuto. Atate ake anali Zwangendaba wa mfunda wa Jele, amene poyamba anali nduna ya nkhondo ya Zwide, mfumu ya Andwandwe, m'dziko limene lero ndi KwaZulu-Natal ku South Africa. Shaka atagonjetsa Zwide ca m'ma 1819, Zwangendaba anatenga anthu ake ndi kulunjika kumpoto. Anadzera kum'mwera kwa Mozambique, nalowa m'dziko la Arozvi, limene tsopano ndi Zimbabwe, ndipo ponseponse anali kugwira anyamata ndi atsikana ndi kuwalowetsa mu mtundu wake. Amai a Mpezeni anali Soseya, mkazi wa ku banja lacifumu la Andwandwe.

Mu Novembala 1835 khamu lonselo linafika pa mtsinje wa Zambezi pafupi ndi Zumbo, pamene Luangwa amathira m'Zambezi. Tsiku looloka kunacitika kadamsana, dzuwa linada usana, ndipo ici ndico cinathandiza akatswiri a mbiri yakale kudziwa caka ndi mwezi wa ulendowo mosakayika. Mpezeni anaoloka ali kamwana. Motero dziko loyamba limene anakuliramo kumpoto kwa Zambezi linali la Ansenga, pakuti Angoni anamanga pa Mkoko ndi kukhalapo zaka zinai kapena zisanu. Kumeneko anatenga Ansenga ambiri, amuna ndi akazi, amene anapita nao pamene ulendo unayambanso.

Kucokera ku Unsenga, Zwangendaba anadzera m'dziko la Acewa ndi la Atumbuka, nakhala kanthawi pa Mabiri, kumpoto kwa Malawi wa lero. Potsiriza anakafika ku Ufipa, kum'mawa kwa nyanja ya Tanganyika, namanga mudzi wake wa Mapupo. Anamwalira komweko m'zaka za m'ma 1840, ana ake asanakhwime.

Ufumu ugawika

Imfa ya Zwangendaba inabala mkangano waukulu. Ntabeni, mbale wake wa malemuyo, anagwirizira ufumu ndipo anali kumbali ya Mpezeni. Ena mwa akulu anali kufuna M'mbelwa, mwana wa nyumba yina. Mpaka lero Angoni a ku Chipata ndi a ku Mzimba amafotokoza nkhani ya ulowam'malo umenewu mosiyana, aliyense monga anamvera kwa makolo ake. Ntabeni atafa, ndipo Mgayi amene anagwirizira pambuyo pake atafanso, mtundu umene unayenda pamodzi kucokera ku Natal unasweka. Gulu lina linapita kumpoto kufupi ndi nyanja ya Victoria. Lina, lotsogozedwa ndi Zulu Gama, linapita ku Songea. M'mbelwa ndi Mtwalo anabwerera ku dziko la Atumbuka. Mpezeni ndi mng'ono wake Mperembe anatembenukira kum'mwera cakumadzulo, nalowa m'dziko la Abemba.

Zaka za ku Ubemba zinali zowawa. Abemba anali ndi midzi ya malinga, ndipo mafumu ao anayamba kupeza mfuti kwa amalonda ocokera ku gombe la nyanja ya mcere. Dziko lao linalibenso ng'ombe zambiri zoti Angoni nkudzaza nazo makola. Nkhondo zinamenyedwa kwa zaka zingapo popanda mtundu umodzi kuthetseratu unzake. Cimbuya ca pakati pa Angoni ndi Abemba, cimene lero cimasangalatsa anthu pa maliro ndi pa maukwati, cinacokera m'mwazi wa masiku amenewo.

Mpezeni anaona kuti dzikolo silikanamusunga. Anasiya Mperembe, amene pambuyo pake anakakhala pafupi ndi M'mbelwa, ndipo iye anatsika mapiri a Muchinga, naoloka Luangwa m'zaka za m'ma 1860. Anabwerera ku Unsenga, dziko limene analidziwa ali mwana ndiponso kwao kwa anthu ambiri a m'gulu lake. Atakhalako zaka zingapo anasunthira kum'mawa, nathyola mfumu ya Acewa, Mkanda, ndi kutenga dziko lake. Pofika ca m'ma 1880 midzi ya Angoni inali itakhazikika m'zigwa za pakati pa mapiri ozungulira pamene pali Chipata lero. Apa ndipo panathera ulendo wa zaka 60.

Dziko limene anasankha

Mpezeni sanapeze thengo lopanda eni. Dziko la pakati pa Luangwa, Zambezi ndi nyanja ya Malawi linali pakati peni-peni pa ufumu wakale wa Amaravi. Undi, wa mfunda wa Phiri, atapatukana ndi Kalonga, anamanga likulu lake pa Mano, kumene lero ndi m'cigawo ca Tete ku Mozambique, ndipo mafumu ambiri a Acewa ndi a Ansenga anali kupereka mitulo kwa iye. Anthu a dzikolo anali kulima mapira, cimanga ndi nyemba, kusungunula citsulo m'ng'anjo ndi kusula makasu amene anali kugulidwa kutali, ndiponso kuomba nsalu za thonje lolima okha.

Njira za malonda zinali kupingasana m'dziko lomweli. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1700 Apwitikizi anamanga msika pa Zumbo, ndipo kutsidya kwake kunali Feira, kumene tsopano ndi boma la Luangwa. Kumeneko kunali kufika minyanga ya njobvu, mkuwa ndi golide, nkusinthanitsidwa ndi nsalu ndi mikanda. M'dziko la Undi munali kukumbidwa golide. Abisa anali kudutsa ndi mitolo ya minyanga kucokera kwa Kazembe ku Luapula kupita ku Tete ndi ku gombe. M'caka ca 1798 Francisco de Lacerda anatsata njira yomweyo kucokera ku Tete, nakafera kwa Kazembe. M'zaka za 1831 ndi 1832 Monteiro ndi Gamitto anayendanso m'menemo, ndipo Gamitto analemba zambiri za midzi, minda ndi miyambo ya Acewa. Pamene David Livingstone anafika pa Zumbo mu Januwale 1856 anapeza mabwinja a nyumba za miyala ndi a chalichi, umboni wakuti malowo anali ndi mbiri yaitali iye asanabadwe.

Malonda omwewo ndiwo anafooketsa dzikolo. Pamene kugula akapolo kunakula, Acikunda a mfuti ocokera ku Zambezi anayamba kusaka njobvu ndi anthu omwe, ndipo mafumu ang'ono anayamba kucita malonda paokha osapitira kwa Undi. Mpezeni anafika ufumu wa Undi uli wogawikana kale. Cimene cinamukopa cinali coonekeratu kwa munthu woweta: mtunda wokwera wa mphepo yabwino, madambo a msipu, mitsinje yosaphwa msanga, nthaka yofiira yobereka, ndi anthu ambiri odziwa kulima.

M'mene analamulira

Mphamvu ya Mpezeni inali m'kucuruka kwa anthu. Wogwidwa pa nkhondo sanali kugulitsidwa kawiri-kawiri. Anali kupatsidwa ku nyumba ya mfumu, ya mkazi wa mfumu kapena ya nduna, ndipo anali kukhala munthu wa nyumbayo. Mnyamata wogwidwa akakula anali kulowa m'gulu la nkhondo la a msinkhu wake, ndipo akaonetsa camuna anali kuloledwa kukwatira, kusunga anthu amene iye wagwira, ngakhale kukwezedwa kukhala nduna. Mudzi ukadzaza unali kubala mudzi wina, wokhala ndi mkazi wa mfumu ndi mwana wake pamutu. Ndimo m'mene inacurukira midzi yaikulu monga Luangeni ndi Mtenguleni. Pakati pa mudzi uliwonse panali khola la ng'ombe, pamene amuna anali kuweruzira milandu ndi kupembedzera mizimu ya makolo.

Caka ndi caka, dzinja likafika pakati, mtundu wonse unali kusonkhana pa Ncwala. Munthu sanali kuloledwa kudya zam'munda zatsopano mfumu isanalawe. Mwambowo ukatha, mvula nkuleka, magulu a nkhondo anali kutuluka ndi zishango ndi mikondo.

Nkhondo zimenezo zinali tsoka kwa eni dziko, ndipo mbiri yoona siyenera kubisa zimenezi. Midzi ya Acewa, Ansenga ndi Akunda inatenthedwa, nkhokwe zinafunkhidwa, ana analekanitsidwa ndi amai ao. Ena anathawira pamwamba pa mapiri, kumene anali kulima timinda ta pakati pa miyala ndi kutunga madzi usiku. Ena anamanga malinga a dothi. Ena anagonja ndi kumapereka mitulo kuti asiyidwe.

Koma dzikolo nalo linagonjetsa Mpezeni mwa njira yake. Ankhondo ake anakwatira akazi a Cinsenga ndi a Cicewa, ndipo mwana amayamwira cinenero kubere. M'mibadwo iwiri yokha Cingoni ca ku Natal cinatsala m'nyimbo za ngoma, m'zithokozo za mafumu ndi m'maina a midzi, pamene m'nyumba ndi m'munda anthu anali kulankhula Cinsenga. Angoni anasunga malowolo ndi kutsata mtundu kucimuna, koma kalimidwe, zakudya ndi mankhwala ambiri anatengera kwa eni nthaka. Mngoni wa kwa Mpezeni ndi mwana wa makolo awiri, wina wa kum'mwera kwa Limpopo, wina wa m'mbali mwa Luangwa.

Panalinso cinthu cina cimene phindu lake linadziwika citatha. Popeza anthu zikwi zambiri anali kukhala mothithikana, mitengo inadulidwa, minda inafutukuka, ndipo nyama za m'thengo zinathamangitsidwira kutali ndi alenje. Nchenche za tsetse, zimene zimakhala m'mithunzi ya thengo ndi kuyamwa mwazi wa nyama, zinasowa pokhala. Cifukwa cake ng'ombe za Angoni zinaswana kwambiri pamtunda umenewo, cikhalireco cigwa ca Luangwa, codzala ndi tsetse, ciri pafupi.

Alendo ofuna golide

M'zaka za m'ma 1880 kunafika Mjeremani wina wogula minyanga, dzina lake Carl Wiese, amene anali kukhala m'dziko la Apwitikizi ku Zambezi. Mpezeni anamulandira, pakuti anali kubweretsa nsalu, mfuti ndi onga, ndiponso anali kuthandiza pokambirana ndi Acikunda. Wiese anakhala bwenzi ndi mlangizi wa mfumu, ndipo kudzera mwa iye Apwitikizi anatumiza nthumwi zao kwa Mpezeni. Pamene Alfred Sharpe anafika m'caka ca 1890 kudzapempha pangano m'malo mwa Angerezi, Mpezeni anamulandira mwaulemu koma anakana kuika dzanja pa pepala. Mfumu ya ankhondo zikwi zambiri sinaone cifukwa copemphera citetezo kwa mlendo woyenda ndi amtengatenga owerengeka.

Zimene Mpezeni anakana pa bwalo lake zinacitika ku Ulaya iye osadziwa. Pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la mu Juni 1891 linaika dziko lake kumbali ya Angerezi, m'manja mwa kampani ya Cecil Rhodes, ya British South Africa Company. Malire amene anayamba kulembedwa nthawi imeneyo anadula dziko la Acewa patatu, ndi kusiya Mano, likulu la Undi, ku Mozambique.

Wiese anali ndi mapepala amene anali kunena kuti Mpezeni anamupatsa mphamvu pa miyala ya m'nthaka. Mapepalawo anagulitsidwa ku London, kumene mbiri inali itawanda yakuti kwa Mpezeni kuli golide wosaneneka. Motero m'caka ca 1895 kunapangidwa kampani ya North Charterland Exploration Company, ndipo kampani ya Rhodes inaipatsa dziko la masikweya mailosi 10,000. M'kati mwa dziko limenelo munali midzi ya Angoni, Acewa, Ansenga ndi Akunda, amene sanafunsidwe kanthu. M'caka ca 1896 anthu a kampaniyo anafika ndi kumanga linga la Fort Young pafupi ndi mudzi wa mfumu.

Apa ndipo panagona ciyeso cacikulu ca moyo wa Mpezeni. Iye anali atakalamba, ndipo mbiri ya kugwa kwa Lobengula wa Amandebele m'caka ca 1893 inali itamveka. M'caka ca 1896 Angerezi anapha Gomani, mfumu ya Angoni a kwa Maseko ku Nyasaland. Mpezeni anadziwa kuti cishango ca cikopa sicichinga cipolopolo, ndipo anafuna kuwasunga alendowo pafupi, kuwapatsa pang'ono ndi kuwamana zambiri, monga anacitira ndi Wiese zaka zonsezo. Mwana wake Nsingo, mtsogoleri wa magulu a acinyamata, anaona zina. Anaona Azungu akuyendayenda m'mapiri ndi kukumba popanda kupempha, malinga akumangidwa, ndi anthu ogwidwa akuthawira kwa alendowo. Kwa iye kudikira kunali kufa pang'onopang'ono. Atate anali ndi nzeru ya zaka, mwana anali ndi maso a tsiku limenelo, ndipo zimene zinatsatira zinaonetsa kuti njira zonse ziwiri zinali zitatsekedwa kale ndi anthu a kutali.

Nkhondo ya 1898

Mu Disembala 1897 ankhondo a Nsingo anazinga Fort Young, Wiese ali m'katimo. Uthenga wopempha thandizo unapita ku Nyasaland, kumene akulu a boma la Angerezi anali atakonzekera kale nkhondo yotere. Mu Januwale 1898 kunafika asilikali acikuda mazana angapo pamodzi ndi Asikh a ku India, otsogozedwa ndi Captain Brake, atanyamula mizinga ndi mfuti za ciwaya za Maxim.

Angoni anaima m'magulu ao monga mwa mwambo, koma sanathe kuyandikira kuti mkondo ugwire nchito. Mizinga inawabalalitsa ali patali. M'masiku owerengeka midzi yaikulu inatenthedwa, ndipo anthu anathawira m'mapiri mvula iri kugwa. Nsingo anagwidwa, naweruzidwa ndi bwalo la asilikali, ndipo anaomberedwa mu Febuluwale 1898. Patapita masiku ocepa Mpezeni anadzipereka. Anamutengera ku Fort Manning, kumene lero ndi Mchinji, nakhala m'manja mwa Angerezi pafupifupi caka cimodzi.

Ng'ombe pafupifupi 12,000 zinalandidwa. Kwa Mngoni ng'ombe inali nkhokwe, malowolo, nsembe ndi ulemu, kotero kuti kutha kwa makola kunali kutha kwa ufumu weni-weni. Magulu a nkhondo anathetsedwa, Ncwala inaleka, ndipo anthu ambiri amene anagwidwa kale anabwerera kwao. Golide amene anadzetsa zonsezi sanapezeke m'mapiri a Mpezeni. Wocepa cabe ndiye anakumbidwa pambuyo pake ku Sasare, m'dera la Petauke.

Mpezeni analoledwa kubwerera kwao ali wofooka, wopanda ankhondo ndi wopanda mwana amene anayenera kulowa m'malo mwake. M'masiku amenewo anabvomera kuti amishoni alowe m'dziko lake, ndipo mu Julayi 1899 a Dutch Reformed Church anamanga misasa pa Magwero, pamene panayambira sukulu ndi chalichi cao coyamba m'dziko lino. Anamwalira m'caka ca 1900. Ufumu unapita kwa mdzukulu wake Chiloa, mwana wa Nsingo, amene anali akali mnyamata.

M'mene dziko linapitira kuseri

Poyamba kunaoneka ngati kugwa kwa Mpezeni kudzakweza dzikolo. M'caka ca 1899 Robert Codrington anaika likulu la North-Eastern Rhodesia pa Fort Jameson, pakati pa midzi ya Angoni, cifukwa pamenepo ndipo panali anthu ambiri, cakudya ndi njira yopita ku Blantyre ndi ku nyanja ya mcere. Kwa zaka 12 malamulo a theka la dziko lino, kufikira ku Luapula ndi ku nyanja ya Tanganyika, anali kucokera ku Fort Jameson.

Koma njanji inadzera kwina. Inaoloka Zambezi pa Victoria Falls m'caka ca 1905, nifika ku Broken Hill, amene tsopano ndi Kabwe, m'caka ca 1906, ndi kumalire a Congo m'caka ca 1909. M'caka ca 1911 zigawo ziwiri za Rhodesia wa kumpoto zinaphatikizidwa, likulu nkukhala ku Livingstone, ndipo m'caka ca 1935 linasamukira ku Lusaka. Migodi ya mkuwa itatseguka, cuma conse ca dziko cinatsata njanji. Fort Jameson anatsala kumapeto a mseu wafumbi, kuseri kwa cigwa ca Luangwa ndi mapiri ake.

Anthu a dzikolo anasanduka cuma cotumiza kunja. Msonkho wa nyumba, umene unayamba ndi masheleni atatu, unafuna ndalama, ndipo ndalama zinali ku migodi ndi ku mapulazi a ku Southern Rhodesia. Adzukulu a ankhondo a Mpezeni anayenda pansi milungu yambiri, naoloka Zambezi yemwe uja kulowera kum'mwera, tsopano atasenza mtolo wa kamba m'malo mwa cishango. Ambiri anakhala machona. M'midzi munatsala akazi, ana ndi nkhalamba.

Nthaka yabwino yozungulira Fort Jameson inagulitsidwa ndi kampani ya North Charterland kwa Azungu olima fodya, ndipo kumapeto a zaka za m'ma 1920 eni dziko anakankhidwira m'malo opatulidwa ochedwa Native Reserves. M'menemo anthu anapanikizana, nthaka inaguga ndi kukokoloka. Kunja kwake, malo aakulu amene anasungidwira Azungu amene sanabwere anamera thengo. Popeza malamulo analetsa anthu kusaka monga kale, nyama zinabwerera, ndipo tsetse anabwera nazo, napha ng'ombe m'madera amene kale munali makola. Zinthu zitafika poipa, boma linagula dziko la kampaniyo m'caka ca 1941 ndi kuyamba kubwezeramo anthu. Umphawi umene alendo anali kuuona kum'mawa m'zaka zimenezo, nkumati ndi cibadwa ca dzikolo, unali ndi zaka 40 zokha, ndipo unapangidwa ndi manja a anthu.

Zimene zinatsala

Ngakhale zinatero, dziko la kutsidya kwa Luangwa silinaleke kudyetsa ndi kumanga Zambia. Anthu ake amene anapita ku nchito za upolisi, usilikali ndi ukalaliki ananyamula cinenero cao, kotero kuti Cinyanja cinakhala cinenero ca apolisi m'nthawi ya atsamunda, ndipo mpaka lero ndico cimamveka kwambiri m'misika ndi m'mabasi a mu Lusaka. Cigawoci ndi cimodzi mwa zimene zimatsogola pa ulimi wa nshawa, thonje, mpendadzuwa ndi cimanga. Cigwa cimene Mpezeni anaoloka ndi ng'ombe zake ndimo muli South Luangwa National Park, imene inakhazikitsidwa m'caka ca 1972 ndipo imakopa alendo a maiko akutali. Ulalo waukulu wa pa Luangwa unatsegulidwa m'caka ca 1968, njanji yocokera ku Mchinji inafika ku Chipata m'caka ca 2010, ndipo m'caka ca 2017 Chipata, amene anataya dzina la Fort Jameson dziko litalandira ufulu, anakwezedwa kukhala mzinda waukulu.

Maufumu amene analimbana m'masiku a Mpezeni alipo, ndipo tsopano amacezerana. Undi anasamutsira likulu lake kuno m'zaka za m'ma 1930, ndipo pa mwambo wa Kulamba ku Mkaika, m'boma la Katete, mafumu a Acewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana pamodzi monga ngati malire a 1891 kulibe. Angoni a kwa Mlonyeni ku Mchinji ndi a nyumba ya Mpezeni yomweyo. Ncwala, imene inazima m'caka ca 1898, inadzutsidwanso ndi Mpezeni wacitatu m'caka ca 1980, ndipo mwezi wa Febuluwale uliwonse magulu a kwa Madzimawe, Nzamane, Maguya, Kapatamoyo ndi mafumu ena amabvina ngoma pa Mtenguleni.

Pa masiku otere dzina la Nsingo ndilo limachulidwa kwambiri, pakuti anthu amakonda kukumbukira wofera pa nkhondo. Atate ake ayenera kukumbukiridwa pa nchito yobvuta koposa. Anatenga cidutswa ca mtundu wosweka, naciyendetsa pakati pa adani kwa zaka zambiri, nacipezera dziko la msipu ndi madzi, ndipo ngakhale pogonja anasiya anthu ake ali pa nthaka yomweyo, ufumu uli m'nyumba yake. Anabweretsa misozi yambiri kwa eni dziko, ndipo iye mwini anafa atalira mwana ndi makola omwe. Munthu amene anaona Zambezi, Ufipa, Ubemba ndi Muchinga ndi maso ake, ndipo anali ndi mphamvu yokhala pali ponse pamene akanafuna, anaweruza kuti dziko loposa onse linali la kutsidya kwa Luangwa. Ana a sukulu a ku Petauke, Katete, Chadiza, Chipata ndi Lundazi ayenera kuphunzitsidwa zimenezi, kuti adziwe kulemera kwa nthaka imene akupondapo.